Mwaikira njinga injini, nanga kutsogolo mwakuyang'ana?

Tiinjini ta ku China timene anthu akumangirira pa njinga zakapalasa n'totsika mtengo, ndipo sindidabwa kuti anyamata atikonda. Amene thumba lake silingafikire njinga yamoto ya Lifan kapena Boxer amagula kainjini ka m'bokosi, n'kukamanga pakati pa felemu, thanki pamwamba, tcheni chachiwiri kumanzere, basi wayamba kupitirira anzake pamtunda miyendo ili phee. Pabokosi amalembapo 80cc pomwe tambiri mwa timeneti ndi ta 66cc, koma mlandu umenewo ndi wa tsiku lina. Wanga lero ndi wakuti m'bokosimo mulibe chilichonse cholimbitsa kutsogolo kwa njinga. Foloko ndi yomwe ija, habu yomwe ija, masipoko omwe aja, mabuleki omwe aja amene ankaimitsa munthu wopita kuchigayo.

Njinga za Hero kapena Phoenix anazipangira liwiro la miyendo, makilomita 15 kapena 20 pa ola. Kainjini kamazifikitsa pa 40. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuigonjetsa imawirikiza kanayi, ndipo kachilema kalikonse kamene kanali kobisika pagudumu kamaonekera poyera. Ndiye tsiku lina, kawirikawiri potsetsereka, chiwongolero chimayamba kunjenjemera chokha, uku ndi uku, kangapo pa sekondi imodzi, manja osatha kuchigwira. Ena amati ndi msewu. Ena amati ndi mphepo ya lole imene yangodutsa. Ndamvapo wina akutchula anthu a kumudzi kwawo.

Mwana wa achemwali anga zitamuchitikira, anakankhira njinga kwa mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango, ine ndili pomwepo. Mmisiriyo sanakweze n'komwe gudumu. Anatenga sipanala yaikulu, n'kugwira nati ya pakhosi pa njinga, pamene foloko imalowa mu felemu, n'kuikunga mpaka mitsempha ya m'dzanja kuonekera. "Achimwene, apa ndamanga, sichigwedezekanso," anatero akubweza njinga. Chiwongolero chinaumadi gwa, ndipo mnyamatayo anachoka akusekerera. Sabata isanathe kunjenjemera kunabwerera, ndipo tsopano chiwongolero chinkakodwa pakati nthawi iliyonse akafuna kukhota.

Mankhwala amenewa ndi amene afala, ndipo ndimadana nawo. Pakhosi pali timipira tachitsulo tozungulira m'makapu awiri, ina pamwamba ina pansi. Mukakunga mopitirira, timipirato timadinda timaenje m'makapumo, ndipo gudumu limasiya kudziwongola lokha monga limachitira njinga ikamayenda bwino. Nthenda imangobisika kwa masiku ochepa, makapu n'kuwonongekeratu.

Khosilo limayezedwa ndi chala. Gwirani buleki ya kutsogolo, ikani chala pamene kapu ikukumana ndi felemu, kankhirani njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Chala chikamva kugogoda, khosi lamasuka. Limangeni pang'onopang'ono mpaka kugogodako kuthe, kenako nyamulani kutsogolo ndi kupendeketsa njinga: chiwongolero chigwere chokha kumbali osakodwa paliponse. Pomaliza mangani nati ya pamwamba mutagwira kapu kuti isazungulire nayo. Mukamva chikudumpha ngati pali mano, makapu atha. Gulani ena, pakani girisi, osataya nthawi.

Komatu khosi si poyambira. Poyambira ndi pamene sipafuna ndalama: mpweya wa m'tayala, ndi mmene tayalalo lakhalira pa rimu. Matayala ambiri ali ndi kamzere m'mbali, pafupi ndi rimu. Zungulitsani gudumu mukuyang'ana kamzereko. Kakamalowa ndi kutuluka, tayala silinakhale bwino. Phwetsani, likonzeni, popaninso. Tayala lotupa mbali imodzi, kapena lija munalisoka ndi kuikamo chigamba cha tayala lina m'kati, likhoza kukufikitsani kumsika mukupalasa, koma pa 40 lidzakuvinitsani.

Gudumu lidakali m'mwamba, gwirani rimu muikankhire kumanja ndi kumanzere. Ikamasewera, makoni a mu habu amasuka kapena timipira tadyeka. Mu habu wamba ya kutsogolo mumakhala timipira 10 mbali iliyonse, ndipo muwerenge ndithu, chifukwa alipo amisiri amene kamodzi kakagwera mumchenga amangotseka osakafunafuna. Onaninso ngati manati aakulu awiri agwira ndipo gudumu lakhala pakati penipeni pa foloko. Kenako gwirizitsani choko pa foloko, nsonga yake itatsala pang'ono kukhudza rimu, n'kuzungulitsa. Pamene choko chalemba ndi pamene rimu yapotokera.

Masipoko ndiwo amandidandaulitsa kwambiri, chifukwa palibe amene amawalabadira mpaka ataduka. Amenyeni ndi sipanala limodzilimodzi mukumvetsera. Olimba amalira mofanana, lomasuka limangoti phu. Kainjini kameneka kamagwedeza njinga yonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo kugwedezako kumamasula chilichonse chokhala ndi mazinga. Gudumu la masipoko olefuka limapindika pokhota n'kubwerera, kupindika n'kubwerera, ndiye kuvina kwayamba kumeneko. Masipoko wamba ndi a mamilimita 2. Alipo okhuthala a 2.6, ndipo munthu amene wapeza ndalama ya injini sangandiuze kuti ya masipoko yamusowa. Kumanga gudumu ndi luso lapadera. Funsani anyamata a kabaza pasiteji kuti amamangitsa kwa ndani. Iwo amadziwa chifukwa gudumu lopotoka limawalanda makasitomala.

Chimene ambiri sachikhulupirira n'chakuti vuto limatha kukhala kumbuyo ngakhale manja akulimvera kutsogolo. Giya ya mano 44 imene imabwera ndi injini imamangiriridwa pa masipoko enieniwo a gudumu la kumbuyo, ndi mphira ndi mabawuti. Ikakhala mopendekeka, tcheni chimakungika ndi kumasuka pa kuzungulira kulikonse, n'kumakoka masipoko mpaka gudumu kupotoka. Injini yomangidwa molefuka pa felemu nayo imagwedeza njinga. Ndipo amene amaboola felemu kuti injini ikwane akufooketsa chitsulo chimene chanyamula moyo wawo.

Palinso nkhani ya katundu, imene kwathu kuno ndi yaikulu. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 likamangidwa kumapeto kwa kaliyala, kupitirira pakati pa gudumu la kumbuyo, limapepula kutsogolo. Gudumu lopepuka siligwira msewu, ndipo kamwala kamodzi n'kokwanira kuyambitsa kunjenjemera. Kaliyala wogwedera amawonjezera, pakuti katunduyo amayamba kugwedezeka payekha n'kumakoka felemu. Sendezani katundu pafupi ndi chishalo, mumange zolimba. Ngati njinga ikuyenda bwino yopanda katundu koma n'kuvina mukasenza, musavutike ndi khosi.

Pa foloko pokha sindinyengerera. Njinga ikagunda dzenje, ndipo maenje sasowa pa M1, foloko imapindikira kumbuyo kapena mwendo umodzi umatsalira. Imani kumbali muone ngati kumtunda kwa foloko kukutsata mzere wa khosi. Yang'anani penti pansi pa khosi: akachita makwinya kapena kung'aluka, chitsulo chapindika. Amisiri amadziwa kuiwongola ndi paipi, ena amawotcherera, ndipo pa njinga yopalasa mwina munthu angapirire nazo. Pa njinga ya injini ayi. Chitsulo chopindidwa kawiri chimatha kuthyoka osachenjeza, ndipo foloko ikathyoka munthu amayamba ndi nkhope. Mafoloko otchipa a masipuling'i, amene anyamata amawakonda chifukwa amaoneka ngati a njinga yamoto, nthawi zambiri amasewera m'miyendo mwake adakali atsopano. Foloko yachitsulo wamba yowongoka imawaposa.

Madigadi ya kutsogolo nayo muisamale. Kachitsulo koigwira n'kopyapyala, kamatopa ndi kugwedeza kwa injini. Kakaduka, madigadi imakulungika ndi tayala, gudumu n'kuima nthawi yomweyo. Ilimbitseni ndi chitsulo chokhuthala, apo ayi ichotseni, matope amachapika.

Kunjenjemera kukakupezani muli pamsewu, thupi limafuna kufinya chiwongolero ndi kukoka buleki ya kutsogolo, ndipo zonse ziwiri zimakolezera. Chepetsani moto pang'onopang'ono, fewetsani mikono, panani felemu kapena thanki ndi mawondo, gwiritsani ntchito buleki ya kumbuyo mofatsa. Mawondowo amadula kugwedezeka kwa felemu. Mukaima musanene kuti zatha. Njingayo idzabwereza ikadzangofikanso pa liwiro lomwelo.

Nthawi zina mukhoza kukonza zonsezi koma njinga n'kumavinabe. Pamenepo felemu ndi yofewa kapena yopotoka, ndipo palibe sipanala yochiza zimenezo. Mwina muchepetse liwiro mpaka pansi pa pamene imayambira, mwina musamutsire injini pa felemu yolimba.

Ogulitsa tiinjini timeneti ndikadakonda akadamanena zimenezi asanalandire ndalama, chifukwa wogula amawerengera injini ndi petulo basi. Pa kuwerengerako pafunika kuwonjezera tayala labwino la kutsogolo, masipoko okhuthala ndi malipiro a wowamanga, makapu a pakhosi, mabuleki ogwira mvula ikamagwa, ndi helemeti. Ena akaphatikiza zonsezo adzaona kuti kuli bwino kudikira miyezi ingapo n'kugula njinga yamoto yogwiritsidwapo kale ntchito.