Dzana ankatimanga tikakana mizere, lero akuti tayani khasu

Abale anga a m'mudzi muno, ndi inu a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, lero nditalikitsa, mundipirire. Nkhani yake ndi ya ulimi wa mtayakhasu, umene ena amati mleranthaka, ndi akatswiri amene amabwera nawo kumudzi kuno. Ndatopa kumva mawu akuti "alimi ndi ovuta kusintha". Mawu amenewa ndi bodza, ndipo ndikufuna tione bodzalo pamodzi.

Tiyambe ndi mizere imene akuti tisiyeyi. Kodi inabwera ndi ndani? Agogo athu ambiri ankalima matutu. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, makamaka itapita njala ya 1949, boma la atsamunda linakhwimitsa malamulo a malimidwe. Aliyense apange mizere yopingasa chitsetse, amange migula, adzale pa nthawi imene alamula. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, ena kutsekeredwa kumene. Ukali wa malimidwe ndi umodzi mwa zinthu zimene zinakwiyitsa anthu akumudzi mpaka kuyamba kutsatira andale ofuna ufulu. Amene analamula zimenezi anali akatswiri a nthawi imeneyo, a masukulu awo.

Ife tinakula tikudziwa mizere yotalikirana masentimita 90, mbewu zitatu paphando. Kenaka inabwera Sasakawa: mizere ifupike pa 75, mbewu imodzi paphando, mapando atalikirane 25. Tinasintha. Mu 2005 a Bingu atayambitsa makuponi, tinathamangira fetereza ndi chimanga cha haibulidi. Lero akuti khasu limawononga nthaka, mizere siyani. Eti munthu amene wasintha kalimidwe kangapo konseka ndiye wovuta kusintha?

Musandimve molakwa, mtayakhasu si wachabe ayi. Mfundo zake ndi zitatu: osatembenuza nthaka, kuphimbira ndi mapesi, ndi kasinthasintha wa mbewu. Mu 2024, chaka cha El Niño, pamene a Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala, tonse tinaona ndi maso. Munda wophimbira bwino unkasunga chinyontho, chimanga chake chinkachedwa kufota pamene cha pamizere chinali chitapinda kale masamba. Amene angakane zimenezi ndiye kuti sanapite kumunda. Vuto langa lili pa zimene akatswiri sanena, ndi zimene safunsa.

Choyamba, mapesi. Pa pepala amalemba kuti mukakolola siyani mapesi m'munda. Zabwino. Koma kuno tikangokolola, ng'ombe ndi mbuzi zimatayiriridwa, munda wako umasanduka wa aliyense. Pofika Ogasiti anyamata osaka mbewa ayatsa moto, ndipo moto sufunsa kuti munda uwu ndi wa mtayakhasu kapena ayi. Otsalawo amayi atenga kukaphikira poti nkhuni zinatha kalekale, a fodya atenga kukawotchera nazale, chiswe nacho chidya gawo lake. Mvula yoyamba ikamagwa, nthaka ili mbee. Munda wosagalauza komanso wosaphimbira ndiye woipa kuposa wa mizere, chifukwa pansi pamauma gwa, madzi amangothamanga pamwamba. Ndiye kuti munthu aphimbire kagawo kakang'ono, amatuta mapesi a minda iwiri itatu pamutu kapena pangolo. Kagawoko kakongola, minda inayo yatsala yamaliseche. Chithunzi chimene mumaona pa Facebook ndi cha kagawo kaja.

Chachiwiri, udzu. Mizere ndi kubandira zimakwirira udzu. Ukasiya khasu, udzu umabwera ngati wauzidwa. Yankho lawo ndi mankhwala opopera. M'munda wachionetsero mankhwala, sipuleya, mbewu ndi fetereza zimabwera zaulere. Pulojekiti ikatha, galimoto ija siionekanso, mtengo wa botolo uli pa iwe. Mankhwalawa ndi ochokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chakunja chinakwera. Wopanda ndalama amazula udzu ndi manja pakati pa mapesi, ndipo ntchito imeneyi imagwera amayi ndi ana, mwezi wa Januwale, m'nyumba mulibe ufa, bambo ali ku ganyu. Komanso mankhwala opha udzu sasiyanitsa. Bonongwe, chisoso, luni, denje, ndiwo zimene zimatipulumutsa nthawi ya njala, kwa iwo ndi udzu basi. Kodi alipo anawerengera ndiwo zimenezi polemba phindu la mtayakhasu?

Chachitatu, kasinthasintha. Ambiri kuno tili ndi munda wosakwana hekitala imodzi. Ukauza munthu wotere kuti theka asadzale chimanga chaka chino, ukumuuza kuti nkhokwe ithe mu Okutobala. Akuti dzalani nandolo mugulitse mugule chimanga. Anthu anadzaladi, makamaka kum'mwera. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa pansi, anthu anangokhala ndi matumba m'nyumba. Palibe katswiri amene anadulidwa malipiro chifukwa cha upangiri umenewo. Amene anagona ndi njala ndi mlimi. Kusiyana kwathu kuli pamenepo: iwo akalakwitsa amalemba lipoti lina, ife timagulitsa mbuzi.

Chinanso chondiseketsa ndi ichi. Zambiri zimene akutiphunzitsa m'mawekishopu n'zathu zomwe, zangovala dzina lachizungu. Kusakaniza chimanga ndi nyemba, maungu ndi khobwe agogo ankachita, anthu ophunzira omwewo n'kumati n'kulima kwa umbuli, munda ukhale wa mbewu imodzi. Lero akuti ndiye ulimi wothana ndi kusintha kwa nyengo. Mtengo wa msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja chimanga n'kumakula bwino pansi pake, makolo ankausiya dala m'munda asanamve dzina la kafukufuku.

Ndiye kwa akatswiri, a ku Bunda, a ku Chitedze, a mabungwe, pempho langa ndi ili. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, timavomereza, koma ayambe wafunsa mutu umene akufuna kumeta. Musamabwere mu Febuluwale mokha chimanga chili biriwiri kudzajambula. Bwerani mu Seputembala mudzaone mapesi atsala angati. Mukamawerenga alimi amene "alandira" njira yanu, muziwerenga patapita zaka zitatu zaulere zitasiya. Tiuzeni poyera kuti zaka zoyamba chimanga chimatha kuchita chikasu chifukwa mapesi akamaola amayamba alanda chakudya cha m'nthaka, ndiponso kuti m'dothi la makande chaka cha mvula yambiri madzi amadikha. Munthu wouzidwa zoona amayesa pang'ono n'kupirira. Wonamizidwa akagwa kamodzi sabwereranso. Ndipo ndalama zimene zimathera m'mahotela a kunyanja, bwanji osalembera alangizi ena? Mlangizi mmodzi akuyenda midzi yosawerengeka pa njinga yakapalasa.

Inu a m'tauni, nanu ndili nanu mawu. Mumatitumizira mavidiyo pa WhatsApp akuti siyani fetereza, pangani manyowa a Mbeya. Tikuwadziwa, timapanga. Koma Mbeya amafuna madeya, phulusa, ndowe, fetereza pang'ono, ndi masiku 21 kuti apse. Ndowe amakhala nazo ndi mwini ziweto, madeya tikulimbirana ndi nkhumba komanso ndi mimba zathu zomwe chaka cha njala. Ngati mukufuna kuthandiza, ndalama ya ulimi izifika mu Seputembala, osati pa Khirisimasi chimanga chitamera kale. Komanso musamatinene kuti tikutha mitengo uku thumba la makala lili pakhonde panu, mbewa za pamseu mukuimitsa galimoto kugula. Moto umene umatentha mapesi athu umayambira pa msika wanu.

Tsopano ife eni mudzi. Pali zina zimene katswiri sangatichitire, ngakhale atakhala ndi madigiri asanu. Nkhani ya mbuzi ndi moto ndi yathu. Ndikupempha a mfumu ndi nduna zawo, pamodzi ndi a VDC, kuti tikhale pansi tisanayambe kukolola. Tigwirizane kuti munda umene mwini wake waikapo chizindikiro, ziweto zisalowemo chaka chonse. Eni ng'ombe tiwapatse malo odyetsera ndi gawo la mapesi, iwo azitipatsa ndowe, pasakhale wolira. Woyatsa moto m'munda wa mnzake alipe, kaya ndi mwana wa ndani. Aliyense wofuna mtayakhasu ayese mizere khumi yokha pambali pa munda wake wa masiku onse, zaka zitatu, tiziyeza zokolola ndi ndowa imodzimodzi pamaso pa anthu. Zikatero, mlangizi kapena bungwe likabwera ndi nzeru yatsopano, lidzapeza anthu amene ali ndi manambala awoawo, otha kunena kuti ichi chigwira kuno, ichi tengani mubwerere nacho.

Amalume amene muli ndi ng'ombe zambiri, ndikudziwa nkhaniyi simuikonda. Bwerani kubwalo mudzatsutse pamaso pa anthu, osati kumowa. Amayi, inu ndi amene mumazula udzu uja, musadzakhale kumbuyo chete. Amene simungafike, lembani maganizo anu m'munsimu, ndidzawawerenga kubwaloko monga mwalembera.