Dotolo watsopano asanyoze maphunzilo a zangozi

Kukada pa cipatala ca Lundazi, odwala amafika ndi mavuto osiyana-siyana. Wina wagwa pa njinga yamoto ndipo mutu ukukha magazi. Wina ndi mwana wa malungo amene akukomoka-komoka. Mai wina wataya magazi ambili atabelekela kumudzi, ndipo am'bweletsa pa ngolo ya ng'ombe. Mlimi wina wamwa mankhwala opopela thonje. Cipatala cacikulu ca Chipata cili pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 180. Wodwala wotele akatumizidwa asanalandile cithandizo coyamba cokwanila, kawili-kawili amafela pa njila. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye cifukwa cake nkhani ya maphunzilo amene dotolo watsopano amasankha ikhudza banja lililonse la m'komboni. Mnyamata kapena mtsikana akatsiliza sukulu ya udotolo ndi kugwila nchito zaka zoyamba pansi pa madotolo aakulu, amafika pa mphambano. Ena amasankha za opaleshoni, ena za ana, ena za azimai. Amene amaganizila za cithandizo ca mwadzidzidzi, ca ku Casualty, ndi ocepa. Ici ndi colakwika cofunika kucikonza.

Maphunzilo amenewa si akale mu Africa. Ku South Africa anayamba mu 2004 mu mzinda wa Cape Town, ndipo amatenga zaka zinai. Ku Tanzania anayamba mu 2010 pa cipatala ca Muhimbili ku Dar es Salaam, ndipo oyamba anatsiliza mu 2013. Mu 2019 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unapempha maiko onse kulimbitsa cithandizo ca mwadzidzidzi. Dotolo wa maphunzilo awa amadziwa kutsegula njila ya mpweya, kuthandiza munthu kupuma, kuletsa magazi, kuika dilipi mwamsanga ndi kuzindikila amene ayenela kuyamba kuonedwa pakati pa anthu khumi ovulala pa ngozi imodzi.

Makolo ambili amakana. Amati nchito imeneyi ndi ya usiku, yotopetsa, ndipo siibweletsa ndalama ngati ya dotolo amene ali ndi kiliniki yake-yake ku Lusaka. Mau awa ali ndi coonadi cake, pakuti banja limene linagulitsa ng'ombe ndi fodya kuti mwana aphunzile liyenela kuyembekezela phindu. Koma makolo omwewo aganize za tsiku limene basi idzagubuduzika pa mseu wa Chipata. Pa tsikulo sadzafunsa za kiliniki ya ku Lusaka. Adzafunsa ngati pa cipatala ca pa boma pali munthu wodziwa copulumutsila moyo mu ola loyamba.

Tsono dotolo amene wasankha njila iyi asathamangile dzina la sukulu kapena kukongola kwa mzinda. Safunsa anadya phula. Coyamba, afunse ngati aphunzitsi amapezeka usiku pambali pa wophunzila, kapena amangoonekela masana. Caciwili, afunse za mtundu wa odwala amene adzaona. Malo abwino ndi amene alandila ana, azimai apakati, ovulala ndi okalamba pamodzi, monga mmene zimakhalila pa cipatala ca boma. Cacitatu, afunse ngati adzaphunzila kugwila nchito pamene zipangizo zacepa. Wozolowela makina okha-okha adzasowa pogwila magetsi akazima kapena okosijeni akatha. Cacinai, akambilane ndi amene anatsiliza pa malopo, amve kumene ali ndi nchito imene akugwila.

Palinso cina cofunika. M'zipatala za kumidzi ndi m'makiliniki a ku Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, amene amayamba kugwila wodwala ndi manesi ndi ma clinical officer, ambili a iwo ophunzila ku Chainama. Dotolo mmodzi sangakhale maso usiku uliwonse. Koma akakhala wodziwa kuphunzitsa, nzelu zake zidzafika kwa anchito onse, mpaka kwa woyendetsa ambulansi. Motelo asankhe maphunzilo amene adzam'patsa luso lophunzitsa anzake ndi lokonza dongosolo lotumizila odwala.

Unduna wa Zaumoyo nawo uli ndi mbali yake. Wotumizidwa kukaphunzila apeze malo a nchito, nyumba ndi zipangizo pobwelela, kuti asakopeke kutsalila kunja. Ndipo banja limene mwana wake wanena kuti afuna za ku Casualty lisam'gwetse mphwayi. Lim'thandize kufunsa mafunso aja, ndi kum'limbikitsa kuti akatsiliza abwelele kudzagwila nchito kwao.