Kalata yotseguka kwa a Vice Chancellor: tipatseni malo pa intaneti ya yunivesite yathu

Wolemekezeka a Vice Chancellor,

Ndine mmodzi wa aphunzitsi a pa yunivesite yathu ino, ndipo ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake si ya ine ndekha. Pempho langa ndi ili: lolani kuti dipatimenti iliyonse, komanso mphunzitsi ndi wofufuza aliyense, akhale ndi tsamba lakelake pa intaneti, pansi pa adiresi ya yunivesite, loti azilembapo ndi kulikonza yekha potsata malamulo ochepa omveka bwino.

Webusayiti tili nayo kale, ndipo ndi yooneka bwino. Pali zithunzi za mwambo wopereka madigiri, pali uthenga wanu, pali zilengezo za ntchito. Koma munthu wofuna kudziwa zimene zimaphunzitsidwa mu kosi yakutiyakuti, kapena amene akufufuza za nthaka ndi za malungo, kapenanso kumene kuli zotsatira za kafukufukuyo, amabwerako chimanjamanja. Zinthuzi zilipo ndithu, koma zili balala: m'magulu a WhatsApp, pa Facebook, m'malaputopu a aphunzitsi, ndi pa bolodi la zidziwitso pomwe ophunzira amaunjikana m'mawa, mafoni m'mwamba, kujambula pepala lomata ndi selotepi mphepo isanaling'ambe. Tsiku lina mudzalowe mu ofesi za madipatimenti mudzaone mashelefu. Mabuku a kafukufuku wa ophunzira a Masters, a zikuto zolimba ndi zilembo za golide, asanjikizana mpaka kudenga, fumbi lili mbuu, ena chiswe chinayamba kale kuwalawa. Buku lililonse linadya zaka za moyo wa munthu, linadya ndalama za makolo kapena za boma, linadyanso nthawi ya anthu a kumudzi amene anasiya makasu kuti ayankhe mafunso. Koma olidziwa ndi mwini wake, amene ankamuyang'anira ndi amene anamuyesa mayeso, basi.

Bwana, chimene ndikupemphachi si chachilendo. Masamba a pa intaneti anayambira pa vuto lomweli. Mu 1989 Tim Berners-Lee, akugwira ntchito ku CERN, malo ofufuzira za sayansi kufupi ndi mzinda wa Geneva, anaona kuti akatswiri ankabwera n'kumapita, ndipo zimene ankadziwa zinkapita nawo limodzi. Anakonza njira yoti munthu aziika zolemba zake pa kompyuta ya kuntchito, anzake n'kumaziwerenga ali kutali. Mu 1993 CERN inalengeza kuti aliyense atha kugwiritsa ntchito lusoli kwaulere, ndipo mayunivesite analilandira ndi manja awiri. Kunakhazikika mwambo wakuti aliyense wokhala ndi akaunti pa kompyuta yaikulu ya sukulu ankapatsidwa kafoda kake, ndipo chimene waikamo chinkaoneka pa intaneti, pa adiresi ya sukuluyo yotsatana ndi dzina lake. Yahoo inayamba mu 1994 ngati mndandanda wa masamba umene ophunzira awiri, Jerry Yang ndi David Filo, ankasunga pa makompyuta a Stanford University. Google nayo inayamba kuonekera pa adiresi ya sukulu yomweyo. Sukulu zimenezi zinakhulupirira anthu ake n'kuwapatsa malo, ndipo phindu linabwerera kwa izo zomwe.

Mwina mufunsa kuti, popeza Facebook, LinkedIn ndi ResearchGate zilipo kwaulere, chovutikira n'chiyani? Zifukwa zilipo ziwiri. Choyamba ndi chikhulupiriro. Adiresi yothera ndi ac.mw imauza wowerenga kuti zimene akuonazo zachokera ku sukulu ya maphunziro apamwamba ya m'Malawi. Masiku ano akamberembere amatsegula masamba abodza m'dzina la sukulu, n'kumabera makolo ndalama powalonjeza malo a ana awo. Mankhwala ake ndi akuti zoona zizipezeka mosavuta pa malo amodzi odziwika. Chachiwiri ndi umwini. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. GeoCities, imene inasunga masamba a anthu mamiliyoni, inatsekedwa ku America mu 2009. Google+ inatsekedwa mu 2019. Eni makampaniwo anangolengeza tsiku, ndipo amene sanasamutse zinthu zawo anazitaya. Ntchito ya aphunzitsi athu isadalire chifundo cha kampani ya kunja imene sidziwa n'komwe kuti tilipo.

Ngakhale kwathu kuno taona kuti adiresi imatha kusintha. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa: College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la UNIMA. Zaka zingapo m'mbuyo mwake Bunda inali itachoka kale n'kukhala LUANAR. Dzina likasintha, adiresi ya pa intaneti imasinthanso, ndipo munthu amene anatchula tsamba lakale m'buku lake amasiya owerenga ake panjira ngati palibe chowalozera kwatsopano. N'chifukwa chake ndikupempha kuti lamulo lathu linene kuyambira pachiyambi kuti tsamba silifafanizidwa. Mphunzitsi akapuma pa ntchito, akasamuka kapena akatisiya, tsamba lake lisungidwe ndi a ku laibulale monga timasungira mabuku.

Opindula ndi ambiri. Mlangizi wa zaulimi amene alimi ake akulira ndi ntchemberezandonda m'chimanga afunika kudziwa zimene ofufuza athu anayesa ndi zimene anapeza. Mtsikana amene wangokhoza MSCE, ndipo akudzaza fomu ya NCHE, afunika kuwerenga yekha zimene kosi iliyonse imaphunzitsa, m'malo mosankha potengera mphekesera. Mtolankhani wofuna katswiri wa za kusefukira kwa madzi, monga zinalili pa nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, asamachite kuyendayenda kufunsa nambala ya foni. Katswiri wa ku Nairobi kapena ku Glasgow amene akufuna Mmalawi wogwira naye kafukufuku amayamba n'kufufuza pa intaneti, ndipo akapanda kutipeza ndalamazo zimapita kwina. Ngakhale mndandanda wa Webometrics, umene a Cybermetrics Lab a ku Spain anayamba kutulutsa mu 2004, umayesa mayunivesite potengera, mwa zina, mmene ntchito yawo imaonekera pa intaneti.

Pamenepa ndikuwonjezera pempho limene lili pamtima panga. Tsamba lililonse la kafukufuku likhale ndi ndime imodzi kapena ziwiri zofotokoza zotsatira zake m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'chiyankhulo cha kumene kafukufukuyo anachitikira. Amayi amene anakhala pansi pa mtengo tsiku lonse kuyankha mafunso a ophunzira athu ali ndi ufulu womva chimene chinatuluka m'mayankho awo. Masambawo akhalenso opepuka, opanda zithunzi zikuluzikulu, chifukwa Amalawi ambiri adzawatsegula pa foni, ndi bandulo ya tsiku limodzi.

Za ndalama zisakudetseni nkhawa kwambiri. Maziko alipo kale. MAREN inakhazikitsidwa kuti ilumikize sukulu za ukachenjede ndi malo a kafukufuku m'dziko muno, ndipo UbuntuNet Alliance, imene imalumikiza mabungwe otere a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ili ndi ofesi yake ku Lilongwe komweku. Mapulogalamu ofunika ndi aulere. DSpace, imene MIT ndi Hewlett-Packard anatulutsa mu 2002, ikugwiritsidwa ntchito ndi malaibulale a mayunivesite ambiri posunga kafukufuku. Masamba a mawu okhaokha satenga malo ambiri pa seva. Chofunika kwenikweni ndi seva yodalirika, magetsi apadera oti isazime magetsi akathima, kope lachiwiri losungidwa pa malo ena, ndi anthu ochepa a ku ICT ophunzitsa anzawo. Ophunzira athu a za makompyuta angachite zambiri mwa izi ngati gawo la maphunziro awo.

Ndikudziwa kuti pali mantha, ndipo si opanda pake. Wina atha kulemba zonyoza mnzake pa tsamba lokhala ndi dzina la yunivesite. Wina atha kuikapo buku la eni ake popanda chilolezo, kapena magiredi a ophunzira ndi maina awo. Tsamba losiyidwa osasamalidwa litha kukhala khomo la akuba a pa intaneti, ndipo tsamba lonena za fizi ya zaka zitatu zapitazo limasocheretsa kuposa kusakhalapo kwake. Koma zonsezi zili ndi yankho lake. Malamulo a dziko alipo: la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, la Copyright la 2016, ndi la Data Protection la 2024. Ife tingowonjezera athu ochepa. Tsamba la dipatimenti ndi mawu a yunivesite, choncho likhale m'manja mwa mkulu wa dipatimenti, ndipo liziwunikidwa kumayambiriro kwa semesita iliyonse. Tsamba la munthu ndi mawu a mwini wake, ndipo lizinena zimenezo pansi pake. Tsamba lililonse lizionetsa amene amalisamala ndi tsiku limene linakonzedwa komaliza. Malonda, kampeni ya chipani ndi zinsinsi za ophunzira zisapezekepo. Wophwanya malamulowa aitanidwe, amvedwe mbali yake, kenako chilango chitsate.

Chimene ndikukupemphani kuti mupewe ndi lamulo loti chilichonse chiyambe chadutsa mu ofesi ina chisanaikidwe pa tsamba. Njira imeneyo imapha ntchito, chifukwa chidziwitso cha mayeso a mawa chimadikira siginecha mpaka sabata yamawa, ndipo anthu amagwa ulesi n'kubwerera ku WhatsApp. Imaopsezanso ufulu. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limatchula mwachindunji ufulu wa aphunzitsi ndi ophunzira pa nkhani za maphunziro. Tonse tikukumbukira chaka cha 2011, pamene maphunziro anaima kwa miyezi yambiri ku Chancellor College mphunzitsi wa za ndale ataitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha zimene ananena m'kalasi. Ufulu umene unatetezedwa nthawi imeneyo sunathere pa khomo la kalasi. Wofufuza akapeza kuti ndondomeko ina ya boma sikuyenda bwino, ayenera kuika umboni wake poyera popanda kuyamba wapempha chilolezo. Komanso lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limafuna kuti mabungwe a boma azitulutsa okha uthenga wofunika kwa anthu, osadikira kuti wina achite kupempha.

Choncho, Bwana, tengerani nkhaniyi ku Senate pa msonkhano ukubwerawu. Sankhani kagulu kochepa, kokhala ndi a ku ICT, a ku laibulale, aphunzitsi ndi nthumwi ya ophunzira, kuti kalembe malamulowa pa tsamba limodzi kapena awiri. Yambani ndi madipatimenti angapo amene ali okonzeka, ena adzaonera pomwepo. Lamulani kuti wophunzira wa Masters kapena PhD asalandire digiri asanapereke kope la kafukufuku wake loti liikidwe pa intaneti, kupatula pamene pali chifukwa chomveka chodikirira. Ndipo poona za kukweza aphunzitsi pa ntchito, muziwerengerako khama la amene amagawana nzeru zawo ndi anthu.

Yunivesite ino imayenda ndi misonkho ya Amalawi, ambiri a iwo sadzapondako pa geti lathu. Nzeru zimene timapeza muno ndi zawo. Chonde, a Vice Chancellor, tsegulani njira kuti ziwafike.

Ine wanu pa ntchito,
Mphunzitsi wa pa yunivesite ino