Chikalata cha Madandaulo ndi Zofuna za Akatswiri a Makompyuta Ogwira Ntchito pa Kontirakiti

Kwa Olemekezeka a Nduna yoona za mauthenga ndi luso la makompyuta, Lilongwe

Makope apite kwa mkulu wa bungwe loona za kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA, mlembi wamkulu wa ku Treasury, ndi wapampando wa komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za mauthenga

Olemekezeka,

Ife amene tasaina m'munsimu ndife olemba mapulogalamu a kompyuta, oyala netiweki, osamalira ma seva ndi otchinga makina kuti mbava za pa intaneti zisalowemo. Kumapeto kwa mwezi palibe amene amatilipira. Timadya za kontirakiti. Ena tili ndi timakampani ta anthu atatu kapena asanu ku Ginnery Corner, ku Area 47, ku Katoto ndi ku Zomba. Ena kampani yonse ndi laputopu ndi chikwama chake. Ambiri tinaphunzira ku Poly, yomwe lero ndi MUBAS, ku Chanco, ku Mzuni, ku MUST ndi ku NACIT, ena pa ngongole ya boma imene tikubwezabe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake tabwera tokha.

Chatiwawa ndi ntchito za makompyuta zimene boma ndi mabungwe ake amapereka kwa makampani akunja, n'kumakagwiridwira ku Bengaluru, ku Nairobi, ku Johannesburg kapena ku Dubai, malipiro ake ali m'madola.

Anzathu a ku Britain ndi ku America akamadandaula za makampani otere, amati akuwalanda ntchito chifukwa chotchipa. Kuno n'zosiyana. Wotchipa ndi ife. Mlendo amalipiritsa madola, amakwera ndege, amagona ku hotela pa bilu ya boma, komabe ntchito imagwera iye. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, kontirakiti iliyonse ya madola inakwera mtengo usiku umodzi popanda wina kulemba mzere umodzi wa pulogalamu. Yathu ya makwacha inangofota ili m'kabati. Madola omwewo ndi amene akusowa pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala.

Mmene zimayendera tikuzidziwa chifukwa timakhala momwemo. Chikalata cha tenda chimatuluka mu nyuzipepala (mawu akuti tenda mukawachulukitsa amasanduka matenda, ndipo kwa ife sipalakwika). Chimafuna kampani imene inagwirapo ntchito zitatu zazikulu ngati yomweyo, imene pachaka imapeza ndalama zimene tonsefe titasonkha sitingazifikire, ndiponso ya chikole cha ku banki chimene banki ya kuno siingapereke kwa munthu wopanda nyumba ya pamalo abwino. Tisanatsegule n'komwe kompyuta, tagwa kale. Kampani yakunja ikapambana, imatumiza anthu awiri ovala masuti ku mwambo wosainirana, kenako imatiimbira foni ifeyo. Ndife timakoka mawaya m'denga, kukweza ma seva, kuphunzitsa ma kalaliki m'maofesi a DC, ndi kudzutsidwa usiku makina akazima. Amatilipira ngati aganyu, mwina patatha miyezi, ndipo mu lipoti lomaliza dzina lathu mulibe. Ndiye tenda ina ikatuluka, atifunsanso kuti: munagwirapo ntchito yotere?

Koma chachikulu si malipiro athu. Ntchito ikatha, kiyi amapita ndi mlendo. Source code, yomwe ndi malemba enieni a pulogalamuyo, imakhala kwawo. Pasiwedi yaikulu ya seva ili kwawo. Mapepala ofotokoza mmene makinawo anamangidwira, ngati alipo, ali kwawo. Ofesi ya boma ikafuna kusintha kabokosi kamodzi pa fomu, imalemba kalata kunja, kudikira, n'kulipira madola. Nyumba ndi yanu, Olemekezeka, koma mumagogoda kuti mulowe.

Za mapasipoti simungaziiwale. Mu December 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, anathetsa kontirakiti ya madola 60.8 miliyoni imene nthambi ya Immigration inali nayo ndi kampani ya Techno Brain. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima, ndipo mu February chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo alowedwa ndi mbava zimene zikufuna dipo. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira, amalonda a ku Joni ndi ku Dar es Salaam, onse anagona pa mzere. Sitinabwere kudzaweruza amene analakwa pa nkhaniyo. Chimene tinaona ife n'chakuti dziko lonse linasowa polowera m'makina ake omwe, ndipo zitavuta chonchi ndi pamene anthu akonkuno anakumbukiridwa kuti adzayese kukonza. Pa tsoka timaitanidwa, pa phwando ayi.

Tikudziwa zimene zimanenedwa m'makonde a ku Capital Hill: kuti Mmalawi ukamupatsa kiyi, aba. Amatchula Cashgate. Sitikana. Mu 2013 anthu akonkuno ankalowa mu IFMIS, pulogalamu yoyendetsera ndalama za boma, kulemba malipiro a katundu amene sanaperekedwe, n'kufufuta mapazi awo, ndipo akawunti a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Manyazi amenewo ndi athu tonse. Koma pulogalamu imene anaiboolayo inagulidwa kunja, ndipo kugulidwa kunjako sikunaiteteze. Chinasowa chinali ulonda: kudziwa amene walowa, nthawi imene walowa, ndi chimene wasintha, komanso munthu wina wapadera woti aziwerenga zimenezo. Ulonda wotere umafuna akatswiri okhala pompano, odziwa makinawo mkati ndi kunja.

Tisamveke ngati odana ndi alendo. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zilipo ntchito zimene sitinafikepo. Chitsanzo cha mlendo wabwino tili nacho. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health linamanga makina osungira mbiri ya odwala, aja ongodina pa galasi, kuyambira pa chipatala chachikulu cha Lilongwe mpaka kufalikira m'zipatala zopereka ma ARV. Maganizo ndi ndalama zinachokera kunja, koma mapulogalamuwo ankalembedwa ku Lilongwe ndi anyamata ndi atsikana akuno, oganizira za kuzimazima kwa magetsi ndi za namwino amene sanagwirepo kompyuta. Ambiri mwa akatswiri amene dziko lino likuwadalira lero anasulidwa m'ntchito zoterozo.

Choncho tikufuna izi.

Choyamba, ndipo pa ichi sitisuntha: kontirakiti iliyonse ya pulogalamu yolembedwera boma inene poyera kuti source code, ma pasiwedi aakulu ndi mapepala onse ofotokoza makinawo ndi katundu wa boma la Malawi. Ziperekedwe ku nthambi ya e-Government, ndipo akatswiri a boma ayese okha kuyendetsa makinawo mwini kampani atakhala pambali manja ali m'thumba. Malipiro omaliza asatuluke izi zisanachitike. Pamene boma lagula pulogalamu yopangidwa kale imene eni ake sapereka malemba ake, zonse zimene zawonjezedwa pofuna kuti igwirizane ndi ntchito za kuno, pamodzi ndi deta yonse, zikhale zathu, zosungidwa m'njira yoti kampani ina ingathe kupitiriza. Makontirakiti amene alipo kale aunikidwe, ndipo Nyumba ya Malamulo iuzidwe kuti ndi makina angati a boma amene kiyi wake ali kunja.

Chachiwiri, ntchito zikuluzikulu zizigawidwa. Palibe chifukwa chomangira mtolo umodzi kugula ma seva, kuyala mawaya, kulemba pulogalamu, kuphunzitsa ogwira ntchito ndi kusamalira makina kwa zaka zisanu, kupatula kufuna kuti mtolowo ulemere kuti tisaunyamule. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2017 linalonjeza kuti pa mpikisano wa m'dziko muno, 60 peresenti izipita kwa Amalawi. Ntchito za makompyuta zimalizemba lonjezo limeneli chifukwa zikakula zimapita ku mpikisano wa mayiko onse, kapena zimatsata malamulo a opereka thandizo. Ntchito ya Digital Malawi yokha inali ya madola 72.4 miliyoni ochokera ku World Bank. Tikufuna a PPDA ndi a PPPC, amene ankayendetsa ntchitoyi, atulutse mndandanda woonetsa kuti mwa ndalama zotere, zingati zinagwera makampani akuno ngati eni kontirakiti, osati ngati aganyu. Boma likamakambirana ndi opereka ngongole, lizikumbukira kuti wobweza ngongoleyo ndi ife.

Chachitatu, poyesa ngati kampani ingathe ntchito, aziwerenganso luso la anthu ake, osati zaka za kampani ndi kukula kwa akaunti yake kokha. Timakampani tingapo tiziloledwa kuphatikiza mphamvu ndi mbiri yathu pa tenda imodzi.

Chachinayi, kampani yakunja ikapambana, igwire ntchito ndi kampani yakuno yotchulidwa dzina mu kontirakiti, gawo lake ndi mtengo wake zolembedwa, ndipo pomaliza ofesi ya boma ipereke kalata ya umboni kwa onse awiri. Tikudziwa kuti pali Amalawi ena amene amangobwereketsa dzina ndi satifiketi, n'kulandira kangachepe osagwira kanthu. Amenewo ndi adani athu kuposa mlendo, ndipo a PPDA awaletse kupikisana nawo. Katswiri wakunja aliyense wolandira chilolezo chogwirira ntchito cha TEP pa ntchito ya boma akhale ndi Mmalawi womutsatira, ndipo chilolezocho chisawonjezedwe popanda umboni woti wophunzirayo waphunziradi. Kuphunzitsa kwa masiku atatu ku Mangochi, kwa ma alawansi ndi zithunzi, sitikukuwerengera.

Chachisanu ndi cha deta. Mu 2017 Amalawi oposa 9 miliyoni anapereka zala zawo ndi nkhope zawo ku bungwe lolembetsa nzika la NRB. Boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre mu 2022, ndipo mu 2024 lamulo loteteza deta ya anthu linayamba kugwira ntchito, a MACRA ndiwo alonda ake. Tikufuna mbiri ya nzika, ya odwala, ya okhoma msonkho ndi ya ophunzira izisungidwa m'dziko muno, ndipo aliyense wolowa m'makina a boma ali kunja azilowa ndi chilolezo cha nthawi yochepa, cholembedwa, Mmalawi akuona.

Chachisanu ndi chimodzi, tilipireni pa nthawi yake. Wakunja amalipidwa msanga chifukwa kontirakiti yake ili ndi chilango cha kuchedwa ndipo kumbuyo kwake kuli kazembe. Ife invoyisi imagona pa tebulo miyezi, pamene a MRA akufuna VAT ya ndalama imene sitinaione, ndipo ikadzatuluka amakhala atadulapo kale withholding tax. Boma lizilipira pasanathe masiku 30, likachedwa liziwonjezera chiwongoladzanja, ndipo VAT ya ntchito za boma izikhomedwa ndalama ikalowa.

Chomaliza chikukhudza ife amene tayesa kubweza chipongwe pogulitsa luso lathu kunja. Pa Upwork ndi misika ina ya pa intaneti timapikisana ndi anthu a ku India, Pakistan ndi Philippines, ndipo sitiwaopa. Chimatigwetsa ndi bandulo yodula, netiweki yoduka pakati pa msonkhano, ndi magetsi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ambiri mwa ife makasitomala anatithawa osabwereranso. Wa ku London samva zoti kwanu kwazima. Tikupempha kuti msonkho wa pa intaneti ndi pa zipangizo monga ma laputopu, ma inveta ndi mabatire utsitsidwe kwa ogulitsa luso kunja olembetsedwa, komanso kuti Reserve Bank itilole kusunga madola amene tapeza tokha, kuti tizilipirira ma layisensi ndi ma seva popanda kukagwada ku banki kapena kukagula pa msika wamdima. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za dziko lodzidalira ndi logulitsa kunja. Katundu wathu safuna lole kapena doko la Beira.

Tikuyembekezera yankho lolembedwa, mfundo ndi mfundo, pasanathe masiku 30 chilandirireni chikalatachi, ndi tsiku loti nthumwi zathu zikumane nanu pamodzi ndi a PPDA ndi a Treasury. Tidzabwera ndi makope a zikalata za tenda zimene tatchulazi, ndi ma invoyisi athu osalipidwa. Masikuwo akadutsa kuli zii, tidzapempha komiti ya Nyumba ya Malamulo kuti itimve pagulu, ndipo tidzadziwitsa a DC wa Lilongwe za tsiku limene tidzayende kudzakusiyirani kope lina pamanja.

Ife anu,

Akatswiri a makompyuta ogwira ntchito pa kontirakiti a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba

Mayina ndi masiginecha ali pa mapepala ophatikizidwa.