Khasu ndi cholembera ku Chiosya

Ku Chiosya, m'boma la Mchinji, moyo umayendera mvula ndi msika wa mbewu. Anthu amalima chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Pali chipatala chaching'ono ndi alangizi a zaulimi, ndipo kuseri kwake kuli midzi yomwe nthawi ya dzinja galimoto imafikako movutikira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, ndipo m'dziko lonse oposa theka anali asanakwanitse zaka 18. Choncho tikamakamba za achinyamata a dera ngati limeneli, tikukamba za anthu ochuluka a m'mudzimo, omwe amatunga madzi pa mjigo, kupalasa kabaza ndi kuthamangitsira odwala kuchipatala usiku. Chomwe chimandivutitsa mumtima n'chakuti mawu awo amafika pati mudzi ukamasankha chochita.

Papepala njira ilipo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho, linafuna kuti chitukuko chiziyambira kumudzi. Kwa gulupu aliyense kumayenera kukhala komiti ya VDC, pamwamba pake ADC ya dera la mfumu yaikulu, kenako khonsolo. Zofuna za anthu, kaya ndi mjigo, mlatho kapena chipinda chophunziriramo, zimayenera kudutsa m'makomitiwa mpaka kukalowa m'dongosolo la chitukuko cha boma lonse. Ndipo m'makomitiwa muli malo a woyimira achinyamata.

Koma khalani nawo pa msonkhano muone. Akuluakulu ali pa mabenchi obwereka kusukulu, amayi ayala zitenje pansi, anyamata ayima kumbuyo atatsamira njinga zawo. Nkhani ya chomwe chimangidwe, malo ake ndi mmisiri wake imathera kutsogolo komweko. Ikafika nkhani youmba njerwa, kututa mchenga kudambo ndi kuphwanya miyala, m'pamene wapampando amadzutsa mutu: "Achinyamata mulipo kodi? Loweruka tikumane ndi zikombole." Ndipo amabweradi. Zipinda zambiri za sukulu za kumidzi zinamangidwa ndi njerwa zoumbidwa ndi anthu omwe sanafunsidwe kuti chiyambe n'chiyani.

Chizolowezi chimenechi n'chakale. Nthawi ya Dr Kamuzu Banda kunali Sabata ya Achinyamata, pomwe ana a sukulu ndi anyamata a m'midzi ankalambula misewu ndi kukonza milatho. Kunalinso Apayoniya, omwe anakhazikitsidwa mu 1963 ndipo anatha asilikali atawalanda zida mu Disembala 1993. Ambiri anaphunzirako ulimi ndi umisiri, izi sitingakane, koma phunziro lalikulu linali kumvera. Zipani zitachuluka, wachinyamata anapatsidwa ntchito ina, yoyimba ndi kuvina pa misonkhano ya ndale. M'nyengo zonsezi ankamufunira mphamvu za thupi lake.

Ena amati vuto ndi mwambo. N'zoona kuti mwa Achewa mnyamata wokwatira chikamwini amakhala mlendo pamudzi wa mkazi wake, ndipo mkamwini sakweza mawu pa nkhani ya malo mwinimbumba ali pomwepo. Mtsikana naye, ngakhale mudziwo ndi wa amayi ake, analangizidwa kugwada ndi kuyankhula motsitsa. Mwa Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ulemu kwa akulu ndi wolimba chimodzimodzi. Komabe mwambo womwewo umadziwa kupereka ntchito pamodzi ndi ulamuliro wake. Taonani adzukulu pamaliro. Ndi iwo amakumba manda, ndipo kumandako mawu awo amamveka: akanena kuti manda sanathe, aliyense amadikira, ngakhale pakhale mafumu ndi abusa. Palibe amene amaona ngati chipongwe chimenecho. Makolo anazindikira kuti wogwira khasu ndiye akudziwa kulimba kwa dothi. Makomiti athu a chitukuko anangotengako theka la nzeru imeneyi: khasu amapereka, koma mawu amasunga okha.

Pali mpando umodzi womwe nthawi zambiri umagwera wachinyamata, ndipo ambiri amaupeputsa. Ndi wa mlembi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, m'midzi muli anyamata ndi atsikana ambiri odziwa kulemba kuposa makolo awo, ena anafika Folomu 4 pa sekondale yoyendera koma ntchito sanaipeze. Amamusankha chifukwa akuti amalemba zowerengeka. Amakhala chapambali, kope lachikuto cholimba lili pabondo, cholembera chobwereka chili m'manja. M'kopemo mumalowa tsiku lomwe mudzi unapempha mjigo, matumba a simenti omwe anatsitsidwa ndi omwe anagwira ntchito, mayina a mabanja omwe anasonkha ndalama yokonzera mpope ndi kuchuluka kwa zomwe anasonkhazo. Mlembi yemwe amayamba msonkhano uliwonse powerenga mokweza zomwe anthu anagwirizana ulendo wapita wasintha kale kayendetsedwe ka mudzi, popanda kuloza chala mkulu aliyense. Matumba akaperewera, iye amangowerenga, anthu amafunsa okha. Ndi kope lomwelo angathe kuima ku ADC n'kufunsa khansala mwaulemu kuti pempho lija linafika pati, kapena kuti ndalama za chitukuko za CDF zagwira ntchito yanji m'deralo chaka chino. Ine ndimaona kuti utsogoleri wa achinyamata kumudzi umayambira apa, ndipo mabungwe ophunzitsa utsogoleri akanamathera nthawi yambiri pa luso limeneli kusiyana ndi la kuyankhula pagulu.

Mchinji ili ndi umboni wakuti anthu wamba akapatsidwa mpata woganiza amachita zinthu. Mtukula Pakhomo anayesedwa koyamba m'boma lomweli mu 2006, ndipo makomiti a m'midzi ndiwo ankathandiza kupeza mabanja ovutikitsitsa, opanda wogwira ntchito. Pulojekiti ya MaiMwana inakhazikitsa magulu a amayi m'midzi ya Mchinji, otsogozedwa ndi amayi anzawo a m'dera lomwelo. Maguluwo sankangouzidwa zochita. Ankakhala pansi n'kutchula okha mavuto a uchembere ndi a makanda, kusankha oyenera kuyamba nawo, kupeza njira, kuigwira, kenako kubwerera kudzaunika ngati yathandiza. Ena anayamba madimba a ndiwo zamasamba, ena anapeza njinga zonyamulira odwala. Zotsatira za kafukufuku wa maguluwa zinasindikizidwa mu magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2013. Chomwe ndimatolapo n'chakuti otsogolera magulu aja sanachokere kutali, ndipo anthu ankasankha okha poyambira. Makalabu a achinyamata a ku Chiosya angathe kuyenda chimodzimodzi.

Tisabisenso nkhani ya ndalama. Timakonda kunena kuti wachinyamata adzipereke, koma tsiku la msonkhano ndi tsiku lomwe sanapalire mtedza wake, sanagwire ganyu, sanakweze munthu pa kabaza. Mlendo wochokera ku bungwe amabwera pa galimoto ndipo tsikulo amalipidwa, pomwe wa m'mudzi wayenda wapansi ndipo akapempha ya sopo amatchedwa wokonda alawansi. Malire a Zambia ali m'boma lomweli, Chipata ndi pafupi, ndipo anyamata ambiri amaoloka kukafuna ganyu m'minda ya kumeneko, ena amalowera ku Lilongwe kapena ku Joni. Amene amachoka kawirikawiri ndi omwe aja odziwa kulemba ndi kufunsa. Sindiwadzudzula. Kalabu yomwe ili ndi dimba lake, banki mkhonde yake, kapena yogulitsa mtedza pamodzi kuti mavenda asamaipondereze pa sikelo, imasunga anthu ake nthawi yaitali kuposa yongodikira maphunziro a masiku atatu. Alimi a mtedza a bungwe la MASFA, pansi pa NASFAM, anafika pogulitsa mtedza wa Mchinji ku Ulaya chifukwa chogwirira pamodzi ndi kusamala za chuku.

Chotsala n'chakuti mpando wa achinyamata uja amakhalapo ndani. Ndondomeko ya achinyamata ya 2013 inawerenga munthu kukhala wachinyamata kuyambira zaka 10 mpaka 35. Zotsatira zake, woyimira achinyamata nthawi zambiri amakhala bambo wapabanja, wa ana angapo, yemwe nkhawa zake ndi fetereza ndi mtengo wa fodya. Mtsikana wa zaka 16 yemwe anasiyira sukulu Sitandade 7 chifukwa cha mimba sapezeka pa msonkhanowo, chonsecho malamulo omukhudza alipo: mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhale wolowa m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo ndondomeko ya maphunziro imamulola kubwerera kusukulu akabereka. Kuti zimenezi zichoke papepala pamafunika munthu wopita kwa atsibweni ake a mtsikanayo, kwa amayi a mother group ndi kwa mphunzitsi wamkulu, n'kubwererakonso mpaka dzina lake litalowanso m'kaundula. Ntchito imeneyo amaikwanitsa bwino ndi mtsikana mnzake wokulirapo pang'ono, ndipo mafumu a ku Chiosya ali ndi mphamvu youza VDC iliyonse kuti pa oyimira achinyamata pakhale mtsikana wotere.