ATSIKANA OPHUNZIRA ZA ULIMI AFUNA NDALAMA NDI OWATSOGOLERA

LUSAKA. Munthu wofika pa msika wa Soweto m'mamawa apeza kuti ambiri mwa ogula ndi ogulitsa matimati, anyezi ndi repu ndi azimai. Akapita kumidzi ya ku Chongwe kapena ku Petauke apezanso azimai ali ndi khasu m'manja, akupalira cimanga ndi nshawa. Koma akalowa m'maofesi momwe mukambidwa za mbeu, za feteleza ndi za mitengo ya zokolola, ciwerengero ca azimai cicepa.

Nkhani imeneyi siikhudza azimai okha. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pakuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga anali ataonongeka. Dziko linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni okha. Mvula itagwa bwino, zokolola za 2025 zinapitirira matani 3.6 miliyoni. Kusiyana kotereku kuonetsa kuti nkhokwe za dziko zikali kudalira mitambo. Kuti zimenezi zisinthe pafunika akatswiri a nthaka, a mbeu zopirira cilala, a ulimi wothirira ndi a ziweto, ndipo dziko silingawapeze okwanira ngati liwafuna pakati pa anyamata okha.

Kumene vuto linayambira

M'nthawi ya atsamunda, mlangizi wa zaulimi anali mwamuna ndipo anali kulankhula ndi amuna anzake. Azimai anali kusonkhanitsidwa m'makalabu kuti aphunzire kusoka, kuphika ndi kusamala ana, ngakhale kuti akacoka kumeneko anali kubwerera kumunda. Maganizo akuti maphunziro a ulimi ndi a amuna anakhazikika nthawi imeneyo, ndipo sanathe pa tsiku la ufulu.

Boma la Zambia linafulumira kumanga masukulu. Koleji ya Natural Resources Development College, yodziwika kuti NRDC, inalandira ophunzira ake oyamba ku Chelstone mu 1965. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo sukulu yake ya sayansi ya ulimi inayamba mu 1971. Kunja kwa Lusaka kuli makoleji a ulimi ku Monze ndi ku Mpika, ndiponso malo ophunzitsira alimi a Kasisi amene ansembe a Cijezuiti anayambitsa mu 1974. Zitseko za masukulu amenewa n'zotseguka kwa atsikana, ndipo Yunivesiti ya Zambia inacita kuika lamulo losungira atsikana malo 30 pa malo 100 aliwonse. Cotero funso lalikulu lero lili pa ndalama zolipirira, ndi pa munthu woonetsa mtsikana njira akatsiriza.

Thandizo la ku sekondale ndi ku yunivesiti

Mtsikana wa ku sekondale ali ndi omuthandiza ambiri kuposa kale. Mu 1997 Boma linalola kuti mtsikana wotenga pathupi abwerere kusukulu akabereka. Bungwe la FAWEZA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1996, ndi la CAMFED, lomwe linafika m'dziko lino mu 2001, akhala akulipirira atsikana a m'mabanja osauka. Mu 2016 kunayamba nchito ya Keeping Girls in School yothandiza atsikana a m'mabanja olandira ndalama za Social Cash Transfer, ndipo mu 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kufikira Giredi 12.

Wofika ku yunivesiti nayenso ali ndi pogwira. Lamulo la 2016 linakhazikitsa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board m'malo mwa komiti yakale ya mabasare, ndipo bungweli lipereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesiti a Boma. Ndalama za cakudya za ophunzirawa, zimene zinacotsedwa mu 2019, zinabwezedwa mu 2023. Makolo ayenera kumvetsa kuti imeneyi ndi ngongole, ndipo mwana adzaibweza akayamba kulandira malipiro.

Kwa amene anatenga kale digiri, mwai ucuruka. Bungwe la RUFORUM, logwirizanitsa mayunivesiti a mu Africa ophunzitsa za ulimi, linayamba mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Kampala. Yunivesiti ya Zambia ndi membala wake, ndipo bungweli lithandiza ophunzira a digiri yaciwiri ndi ya udokotala. Maiko ena aperekanso malo a maphunziro apamwamba kudzera m'Boma ndi m'maofesi a akazembe ao muno mu Lusaka.

Mpata wotsala pakati

Pakati pa sekondale ndi digiri pali mpata, ndipo mu mpata umenewu ndi momwe atsikana ambiri agwera. Dipuloma ya ku NRDC itenga zaka 3. Otsiriza dipuloma ndi setifiketi ndiwo amene akhala alangizi m'makampu a zaulimi, oyang'anira makola a nkhuku ndi ng'ombe za mkaka m'mafamu, ndi ogulitsa mbeu ndi mankhwala amene mlimi wamba akumana nao maso ndi maso. Komabe kwa zaka zambiri wophunzira wa m'makoleji otere wakhala akudalira thumba la makolo kapena la abale.

Taganizirani mtsikana wokhala ndi amai ake ku Kabwata amene wapambana masamu ndi sayansi, napatsidwa malo ku Chelstone. Malipiro a koleji ndi ciyambi cabe. Akasowa malo ogona pa koleji, ayenera kubwereka kacipinda pafupi kapena kukwera maminibasi awiri m'mawa ndi awiri madzulo, kudzera m'tauni. Afunika majombo, ovololo, mabuku ndi foni kapena kompyuta yolembera nchito za m'kalasi. Nthawi yokaphunzira nchito pa famu ikafika, afunika ndalama ya ulendo, ya cakudya ndi malo ogona otetezeka. Banja likapanikizika, kawirikawiri mwana wamkazi ndiye auzidwa kuti ayembekezere caka camawa, ndipo caka cimeneco nthawi zambiri sicifika.

Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu a Nyumba ya Malamulo, lochedwa CDF, latsegulako khomo lina. Mu 2022 linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Gawo lina la ndalamazi ndi lolipirira ana a m'masekondale ogonera komweko ndi acinyamata ophunzira maluso osiyanasiyana. Mapepala opempha adzera ku komiti ya citukuko ya wadi asanafike ku khonsolo. Mtsikana wofuna maphunziro a ulimi ayenera kupita yekha kwa khansala kapena ku ofesi ya phungu wa dera lake nthawi isanathe, nafunsa ngati maphunziro ake ali m'gulu la olipiridwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Makomiti nao ayenera kukumbukira kuti mwana wa m'tauni angakhale mlimi. Atsikana a mu Lusaka asamangolembedwa maphunziro a kusoka, kuphika ndi kukonza tsitsi, ngati kuti makalabu a nthawi ya atsamunda abwerera.

Kudziwana ndi anthu

Ndalama imlowetsa mtsikana m'kalasi, koma siimpezera nchito. Malo okaphunzirako nchito, kalata yomucitira umboni ndi mbiri yakuti kwinakwake afuna munthu, zonsezi ziyenda pakati pa anthu odziwana. Maofesi ambiri a mabungwe a zaulimi ali m'madera a Kabulonga, Woodlands ndi Longacres, ndipo Unduna wa za Malimidwe uli ku Mulungushi House pa mseu wa Independence. Mwana wokulira m'madera amenewa amva za mwai pa tebulo la cakudya kapena ku chalichi. Mnzake wa ku Kabwata kapena wocokera kumudzi amva tsiku lotsekera litapita. Mtunda wa pakati pa Chelstone ndi Kabulonga ndi waufupi, koma wophunzira wopanda womudziwa angatsirize zaka zake zonse osalowa pa geti ngakhale imodzi ya maofesi amenewa.

Acewa anadziwa kalekale kuti namwali salowa yekha m'cinamwali. Apatsidwa phungu, mkazi wamkulu amene anadutsamo kale, kuti amgwire dzanja ndi kumulangiza. Nzeru yomweyi ndiyo imene bungwe la AWARD linatsata. Bungweli linayamba ku Nairobi mu 2008, pamene kafukufuku anaonetsa kuti mwa ofufuza za ulimi anai aliwonse mu Africa, mmodzi yekha anali mkazi. Zambia inali pakati pa maiko oyamba kulowamo. Mkazi wosankhidwa anali kupatsidwa katswiri wamkulu womulangiza, kutumizidwa ku misonkhano ya sayansi ndi kuphunzitsidwa utsogoleri kwa zaka 2. Pambuyo pake nayenso anayenera kutenga mtsikana wamng'ono ndi kumulangiza. Mwa njira imeneyi thandizo la munthu mmodzi linafika kwa awiri. Koma olowa anali okhala kale ndi digiri, motero wa dipuloma anatsalanso kunja.

Zitsanzo za azimai amene anakwera cifukwa ca maphunziro ndi mabungwe zilipo. Malemu Dr Evelyn Nguleka anaphunzira udokotala wa ziweto pa Yunivesiti ya Zambia, nagwira nchito pakati pa alimi ang'onoang'ono. Mu 2013 anakhala mkazi woyamba kutsogolera bungwe la alimi la Zambia National Farmers' Union, ndipo mu 2015 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la alimi a dziko lonse lapansi la World Farmers' Organisation. Anamwalira mu 2017. Mai Sylvia Banda a Sylva Food Solutions anachuka pophunzitsa alimi kuumitsa ndiwo zamasamba zacikhalidwe mwaukhondo ndi kuzipezera msika. Onsewa anakula m'nchito yao mwa kukumana ndi alimi, ogula ndi atsogoleri.

Malo okumanirako safuna ndalama zambiri. Cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda cicitika caka ndi caka ku Showgrounds, pa mseu wa Great East womwewo umene upita ku yunivesiti ndi ku Chelstone, ndipo citha pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la August. Ku Chisamba kucitika cionetsero ca Agritech Expo, cimene cinayamba mu 2014. Ku Chilanga kuli malo ofufuzira a Mount Makulu, likulu la Zambia Agriculture Research Institute. Lamulo la 2017 linakhazikitsanso Agricultural Institute of Zambia, bungwe lolembetsa akatswiri a zaulimi. Wophunzira wopita ku cionetsero ndi kope m'manja, nafunsa maina a oyang'anira ndi nthawi imene alandira ophunzira nchito, abwerako ndi cuma coposa ca mnzake amene wangopita kukaona mathirakitala.

Thandizo la kunja silikhalitsa

Mbali yaikuru ya mabasare ndi misonkhano ya azimai a zaulimi yakhala ikulipiridwa ndi maiko akunja. AWARD inayamba ndi ndalama za Bill & Melinda Gates Foundation ndi za USAID. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo mu July caka comweco USAID inatsekedwa. Nchito zambiri za zaumoyo ndi zaulimi mu Africa zinaima mwadzidzidzi. Phunziro lake ndi lakuti dziko lofuna akatswiri ake liyenera kuwalipirira lokha. Maiko a mu Africa analonjeza ku Maputo mu 2003, nabwerezanso ku Malabo mu 2014, kuti adzaika 10 peresenti ya bajeti zao pa ulimi. Pokamba za ndalama zimenezi anthu aganiza msanga za feteleza ndi kugula cimanga, koma kuphunzitsa mlangizi nakonso ndi kuika ndalama m'munda.

Makampani a mbeu, a feteleza, a nkhuku, a mkaka ndi a shuga apindula ndi ophunzira otuluka m'makoleji a Boma. Kampani iliyonse itati ilipirire atsikana owerengeka a dipuloma, niwasungira malo ophunzirako nchito okhala ndi pogona pabwino, ingadzipezere anchito odziwa, ndipo mabanja ambiri angapepukidwe. Makoleji nao angalembe maina a azimai amene anaphunzira pamenepo, ndi kupempha aliyense kuti atenge mtsikana mmodzi wa caka coyamba akhale phungu wake. Zimenezi zifuna nthawi ndi mtima kuposa ndalama.

Mfundo za Boma za malo za 2021 zinanena kuti theka la malo ogawidwa ndi Boma lisungidwire azimai. Mtsikana wotsiriza maphunziro a ulimi ayenera kudziwa ufulu umenewu ndi njira yopemphera, cifukwa si onse amene adzalembedwa nchito, ndipo munda wa munthu wophunzira ungalembe ena nchito.

Makolo a ku Kabwata, Chelstone ndi madera ena a mzinda uno ali ndi mbali yao. Mwana wamkazi akapambana masamu ndi sayansi nanena kuti afuna za ulimi, asamubweze ndi mau akuti imeneyo ndi nchito ya kumudzi. Amuthandize kusonkhanitsa mapepala ake, amuperekeze ku ofesi ya wadi, ndipo amfunire mkazi wodziwa nchitoyo woti amulangize. Mlimi wamkazi wa ku Chongwe amene mbozi zamuonongera cimanga ayembekezera mlangizi, ndipo mlangizi ameneyo angakhale mtsikana amene lero wasowa ndalama ya minibasi yopitira ku Chelstone.