Chithunzi chikasuluka, kasitomala sabweranso

Aliyense amene amajambula anthu m'mphepete mwa nyanja ku Nkopola akudziwa kuti ndalama ili pa changu. Alendo obwera kudzasambira pa Khirisimasi, a ukwati, ana a sukulu a paulendo, onse amafuna kukwera basi chithunzi chili m'manja. Ngakhale nthawi ya Lake of Stars, imene inachitikira ku Sunbird Nkopola mu 2014 ndi 2015, ankadya bwino ndi amene pulinta yake inali pafupi. Koma changu chomwecho ndi chimene chikuwononga mbiri ya ntchitoyi. Zithunzi zambiri zikafika pakhoma, pomatha miyezi ingapo nkhope zatumbuluka, chitenje chofiira chasanduka chofwifwa.

Gwero lake ndi inki. Mapulinta amene ojambula ambiri amawakonda, monga Epson L805, amagwiritsa ntchito inki ya dye, yosungunuka m'madzi. Imatulutsa mitundu yowala bwino, koma dzuwa, chinyezi ndi mpweya zimaidya msanga, makamaka pa mapepala ouma nthawi yomweyo, omwe ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Ku Mangochi zonse zitatuzi n'zosasowa. Kukawonjezera inki yotchipa yothira m'mabotolo opanda dzina, ndiye basi.

Pali sipule yopangidwira ntchito imeneyi, monga Hahnemühle Protective Spray, PremierArt Print Shield ndi Krylon UV-Resistant Clear. Imaika kakhungu kopyapyala pamwamba pa chithunzi, kotseka timabowo tija ndi kuchepetsa mphamvu ya dzuwa, madontho a madzi ndi zidindo za zala. Wojambula amene amagulitsa zithunzi zazikulu za ukwati, za omaliza maphunziro kapena zokhoma m'maresitilanti ndi m'malo ogona alendo a mumsewu wa ku Monkey Bay ayenera kukhala nacho chitini chimodzi. Wogula chithunzi chotere amakhala wa m'dera lomwelo, ndipo chikasuluka sanena kuti inki inali yoipa. Amatchula dzina la wojambula.

Kupopera kwake kumafuna mtima wodekha, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Chithunzi chiyambe chauma tsiku lathunthu. Chitini chikhutchumulidwe bwino, chigwiridwe patali masentimita 25 mpaka 30, ndipo kupopera kukhale kopyapyala, kawiri kapena katatu, koyamba mopingasa kenako motsika, n'kudikira mphindi zingapo pakati. Kupopera mothithikiza kamodzi kumasiya mizere ndi madontho. Malo akhale opita mphepo chifukwa fungo lake ndi laukali ndipo limagwira moto, koma asakhale pamchenga: nthawi ya mwera fumbi limamatirira pa chithunzi chonyowa ndipo silichokanso. Chinanso, mankhwala opaka osungunulidwa m'madzi amatha kusokoneza inki ya dye, choncho ndi bwino kuwerenga pachitini n'kuyesa kaye pa chithunzi chotayika. Vanishi wa matabwa wa ku hardware ndi sipule ya tsitsi zisayandikire n'komwe. Zimabweretsa chikasu ndipo ya tsitsi imanata.

Ena anganene kuti sipule yotereyi sipezeka pa Mangochi boma mwachisawawa, imafuna kuitanitsa ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kutuma opita ku Joni, ndipo ndi vuto la ndalama zakunja mtengo wake suli wamasewera. Akunena zoona. N'chifukwa chake siyoyenera kupopera kachithunzi kalikonse ka masentimita 10 kwa 15 kogulitsa kwa mlendo amene basi yake ikuliza hutala. Nthawi yodikira kuti kaume palibe, ndipo phindu lake ndi lochepa kale. Kwa msika umenewo pulinta yaing'ono ya Canon Selphy imathandiza, chifukwa imaika yokha kakhungu koteteza posindikiza. Zithunzi za ziphaso nazonso zisiyidwe momwe zilili.

Nzeru ndi kukhala ndi mitengo iwiri. Wojambula alembe tsiku limene watsegula chitini, awerenge zithunzi zimene chapopera mpaka kutha, agawe mtengo wa chitini ndi nambala imeneyo, kenako awonjezere phindu lake. Kuti kasitomala asaone ngati akuberedwa, pali njira yosavuta: kusindikiza chithunzi chimodzi kawiri, china chopopera china chosapopera, n'kuziika pawindo loomba dzuwa kwa milungu ingapo. Ziwirizo zikhale pathebulo la bizinesi, zizidzilankhulira zokha.

Komabe sipule si mankhwala ochiza inki yachinyengo. Imachedwetsa kusuluka, siithetsa. Amene mpamba wake wakula aganizire za pulinta ya inki ya pigment, imene imapirira dzuwa kuposa ya dye. Ndipo popereka chithunzi, wojambula amuuze mwini wake kuti achiike m'felemu ya galasi, pakhoma losaomba dzuwa, kutali ndi utsi wa kukhitchini.